Wamva m'mimba ndiye atsegula citseko: odwala khansa ndi odwazika afunsidwe

Mwezi ndi mwezi, makiliniki a m'boma la Chadiza amalemba malipoti opita ku ofesi ya za umoyo. M'malipoti otere mumalembedwa ciwerengero ca amai amene anapimidwa khomo la cibaliro, ciwerengero ca amene anapezeka ndi bvuto, ndiponso ca amene anapatsidwa kalata yopita nayo ku cipatala cacikulu. Ziwerengero zimenezi n'zofunika ndithu. Koma pali funso limene manambala sangayankhe. Kodi mai amene analandira kalata uja anafika kumene anatumizidwa? Ngati sanafike, cinamubweza n'ciani? Yankho lili ndi anthu awiri, wodwalayo ndi mbale wake amene amamudwazika. Cobvuta n'cakuti anthu awiriwa ndiwo amaiwalika pamene akuluakulu akhala pansi kukonza za cithandizo ca khansa. Boma la Chadiza liyenera kuwapatsa mpando pa misonkhano imeneyi, pakuti iwo ndiwo adziwa pamene njira ya cithandizo imadukira.

Ulendo wa wodwala

Khansa ya khomo la cibaliro ndiyo imagwira anthu ambiri kuposa khansa ina iliyonse m'dziko la Zambia. Malinga ndi ziwerengero za bungwe la za umoyo la WHO, amai oposa 3,000 amapezeka nayo caka ciliconse, ndipo pafupifupi 2,000 amamwalira. Imayamba ndi kacirombo kochedwa HPV kamene kamapatsirana pogonana. Mai amene ali ndi kacirombo ka HIV ali pa ngozi yoidwala kuwirikiza ka 6 poyerekeza ndi mnzake amene alibe.

Nchito yopima amai m'makiliniki a boma inayamba ku Lusaka m'caka ca 2006, motsogoleredwa ndi madokotala Groesbeck Parham ndi Mulindi Mwanahamuntu. Njira yake ndi yapafupi. Namwino amapaka viniga pa khomo la cibaliro, ndipo malo amene ayamba kuonongeka amayera. Ngati malowo ndi aang'ono, amawazizira kapena kuwatentha ndi kacipangizo tsiku lomwelo, mai n'kubwerera kwao khansa isanayambe. Ngati malowo akula, kapena ngati khansa inayamba kale, mai amapatsidwa kalata, ndipo pamenepo ndi pamene ulendo weniweni umayambira.

Mai wa ku Zemba, ku Nsadzu kapena ku Tafelansoni ayenera coyamba kufika pa boma pa Chadiza. Kucoka apo apite ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 80. Kanyama kakang'ono kadulidwe pa khomo la cibaliro kuti kakapimidwe, ndipo iye abwerere kumudzi kukadikira zotsatira. Zikatsimikiza kuti ndi khansa imene singacotsedwe ndi opaleshoni, akwere basi pa mseu wa Great East, aoloke mlatho wa Luangwa, ayende makilomita oposa 550 kufikira ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Cipatala cimeneci cinatsegulidwa mu 2007. Cisanamangidwe, odwala ofunika kuocha khansa ndi makina anali kutumizidwa ku Zimbabwe kapena ku South Africa, ndipo amene anali kupeza mwai wotere anali ocepa kwambiri.

Cithandizo ca kuocha si ca tsiku limodzi. Wodwala amapita ku makina Lolemba kufikira Lacisanu kwa masabata pafupifupi 5, kenaka amaocedwanso ca mkati, ndipo zonsezi zimafunika kutha pasanapite masabata 8. Kunena kwina, mai wa ku Chadiza ndi womudwazika wake ayenera kukhala ku Lusaka pafupifupi miyezi iwiri.

Zimene odwazika amadziwa

Dokotala amaona wodwala mphindi zocepa. Wodwazika, kaya ndi mwana wamkazi, mng'ono, apongozi kapena mwamuna wake, amakhala naye usana ndi usiku, ndipo amadziwa zinthu zimene sizilembedwa pa khadi la ku cipatala.

Amadziwa kuti tsiku lobwerera ku cipatala likagwera mu Disembala kapena Januwale, banja limasankha pakati pa munda ndi ulendo. Imeneyi ndi nyengo yobzala ndi kupalira, ndiponso ndi pamene nkhokwe zimakhala zitapepuka. Ndalama m'midzi ya Chadiza zimaoneka pambuyo pa kukolola, anthu akagulitsa cimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa kapena fodya. Kotero mai amene anauzidwa mu Januwale kuti apite ku Lusaka amanyamuka mu Juni, ndipo miyezi isanu imeneyi khansa siima kudikira. Pa khadi pamalembedwa kuti wodwala anacedwa kubwera. Cifukwa cake sicilembedwa.

Wodwazika amadziwa kuti mtengo wa basi ndi wa anthu awiri, kuti mbuzi zingati zinagulitsidwa, ndi kuti mwana uti analeka sukulu kuti aziphikira anzake. Amadziwa mantha a munthu wa kumudzi amene watsika basi usiku pa Intercity, alibe wacibale mu mzindamo, m'manja muli kalata yolembedwa m'Cingerezi imene sangathe kuwerenga.

Amadziwanso za kunyumba. Mai amene watenthedwa pa khomo la cibaliro amauzidwa kuti asagone ndi mwamuna kwa masabata angapo kufikira cilonda citapola. Ngati mwamunayo sanafotokozeredwe ndi a cipatala, mau amenewa amabweretsa ndeu, ndipo amai ena amakana cithandizo poopa kuti ukwati utha. Khansa ikakula pamaturuka magazi ndi madzi onunkha, motero pamafunika sopo, madzi ambiri ndi nsaru zocapa tsiku ndi tsiku. Anansi amayamba kutalikira, wodwala amagonekedwa m'kanyumba ka yekha. Ululu umakula usiku, pamene kiliniki ili kutali ndipo panado sathandizanso.

Cinanso cimene wodwazika amadziwa ndi mphekesera za m'mudzi. Ena amati kutaya magazi kwa mai amene analeka kale kusamba ndi kulodzedwa, ndipo banja limayamba kwa sing'anga. Ena amati makina a ku Lusaka amapha, popeza anaona anthu akupita amoyo n'kubwera m'bokosi. Zoona zake n'zakuti ambiri mwa amenewo anafika matenda atafalikira kale. Koma mau a namwino wobvala yunifomu sathetsa mphekesera yotere msanga monga mmene amacitira mai wa m'mudzi momwemo amene anapita ku Lusaka, anaocedwa, ndipo lero ali kulima munda wake.

Zonsezi ndi nzeru zofunika pa kukonza nchito ya cipatala. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula citseko. Amene wamva ululu ndiye adziwa pamene khomo liri.

Phunziro locokera ku matenda a Edzi

Nkhani yopatsa odwala mpata wolankhula si yacilendo m'Zambia. Mu 1990, Winstone Zulu anaima poyera nanena kuti ali ndi kacirombo ka HIV, pa nthawi imene anthu anali kuopa ngakhale kuchula dzina la matendawa. Mu 1994, maiko 42 anagwirizana ku Paris kuti anthu amene ali ndi kacirombo azitengako mbali pa kukonza nchito yolimbana ndi Edzi. Mu 1996 kunabadwa bungwe la NZP+, la anthu a m'Zambia amene ali ndi HIV. Kucokera pamenepo odwala anayamba kukhala alangizi a anzao m'makiliniki, kulondola amene aleka kumwa mankhwala, ndi kufunsa boma mafunso.

Citsanzo coonekeratu ciri tsidya la malire, m'cigawo ca Tete ku Mozambique, cimene cacita malire ndi Chadiza. Kumeneko odwala ambiri anali kuleka ma ARV kaamba ka mtunda ndi mtengo wa mayendedwe. Mu 2008, odwala, anchito a za umoyo ndi bungwe la Médecins Sans Frontières anakhala pansi napeza njira. Odwala a mudzi umodzi anayamba kupanga magulu a anthu osapitirira 6. Mwezi uliwonse mmodzi amapita ku cipatala, amapimidwa, natengera anzake onse mankhwala, ndipo mwezi wotsatira amapita wina. Njira imeneyi inathandiza kwambiri kotero kuti maiko ena, kuphatikizapo Zambia, anaitengera. Sinafune makina atsopano kapena nyumba yatsopano. Inafuna kuti a cipatala amvetsere zimene odwala anali kunena za mtunda.

Pa khansa naponso ocira ayamba kutsegula zitseko. Udie Soko, amene anadwalapo khansa, anayambitsa bungwe la Zambian Cancer Society. Karen Nakawala, atapezeka ndi khansa ya khomo la cibaliro mu 2019, anayambitsa gulu la Teal Sisters, limene lalimbikitsa amai ambiri kukapimitsa. Anchito ya kupima amai ku Lusaka anagwirizanapo ndi alangizi a za ukwati kuti uthenga wa khansa uzilowa m'malangizo a cinamwali ndi a ukwati. Koma mau ambiri otere amamvekera ku Lusaka. Mabvuto a mai wa ku Chanjowe si ofanana ndi a mai wa ku Kabulonga amene cipatala ali naco pafupi. Boma la Chadiza lifunika mau akeake.

Mipando iripo kale

Sipafunika kupanga bungwe latsopano. Kuyambira pa kusintha kwa nchito za umoyo kumene kunayamba mu 1992, colinga ca boma cakhala cakuti cithandizo cifike pafupi ndi banja, ndipo m'midzi munakhazikitsidwa makomiti a za umoyo, a Neighbourhood Health Committee, pamodzi ndi makomiti a pa kiliniki. Palinso magulu a SMAG amene amaona za ucembere wabwino, ndi anchito a za umoyo a m'midzi. Makomiti amenewa acita zambiri pa malungo, katemera wa ana, zimbudzi ndi kubereka ku cipatala. Cimene cifunika ndi kulowetsa khansa m'nkhani zao, ndi kulowetsa eni ake a nkhaniyo m'cipinda.

Coyamba, komiti ya pa kiliniki iliyonse isunge mipando iwiri, wina wa munthu amene anadwala khansa kapena anacizidwa pa khomo la cibaliro, wina wa munthu amene anadwazikapo. Amene wodwala wake anamwalira asasiyidwe, pakuti iye ndiye anaona njira yonse kufikira kumapeto. Amuna nawonso akhalemo. Khansa ya prostate imene imabvutitsa akuluakulu pokodza, khansa ya kummero imene imaletsa kumeza, zironda zakuda za Kaposi, ndi khansa ya m'diso ya ana aang'ono imene imayamba ndi kuyera kwa mwanadiso, zonsezi zimayenda pa mseu womwewo wa ku Lusaka.

Caciwiri, miyezi itatu iriyonse ofesi ya za umoyo ya boma iitane odwala ndi odwazika ku msonkhano wocitika m'Cinyanja. Mafunso ake akhale apafupi. Kodi anadikira masiku angati kuti amve zotsatira? Kodi anamvetsa zimene anauzidwa? Kodi ndalama zinathera pati? Kodi ululu unathandizidwa? Zimene zanenedwa zilembedwe, ndipo pa msonkhano wotsatira akuluakulu anene cimene cacitika pa mfundo iriyonse. Ngati cinthu calephereka, anene cifukwa cake.

Cacitatu, wodwala aliyense amene wapatsidwa kalata afunsidwe ngati afuna kuti wina wa gulu la ocira amuyendere. Akabvomera, wocirayo amufotokozere za ulendo, za cimene adzapeza ku Chipata ndi ku Lusaka, za zinthu zoyenera kunyamula, ndipo azimuimbira foni kufikira atafika. Ngati wodwalayo sananyamuke, kiliniki idziwe pasanapite masabata awiri, m'malo modzamva pa tsiku la maliro. Pamene odwala awiri kapena atatu ali ndi masiku oyandikana, a cipatala ayese kuwagwirizanitsa kuti ayendere pamodzi.

Cacinai ndi ndalama. Mu 2022 thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo zofuna za anthu zimayambira ku makomiti a citukuko a mawodi. Ngati odwazika sapita ku misonkhano ya mawodi, palibe amene adzachula cipinda cobisika copimira amai, malo ogona odwazika pafupi ndi cipatala, kapena njinga ya moto yolondolera odwala. Zimene malamulo a thumbali salola, aphungu ndi makhansala angazitengere ku Unduna wa za Umoyo, koma ayenera kuzimva coyamba.

Cacisanu, odwazika aphunzitsidwe ndipo nawonso aphunzitse. Zambia ali ndi mbiri pa nchito yosamalira odwala kunyumba, imene cipatala ca Chikankata cinayamba mu 1987 ndipo machalichi anaifalitsa m'zaka zobvuta za Edzi. Wodwazika afunika kudziwa kutsuka cironda, kutembenuza wodwala kuti asacite zironda za pa mphasa, ndi kupereka mankhwala a ululu pa maola ake. Mankhwala a morphine akaperekedwa monga mwa malangizo a cipatala amacepetsa ululu waukulu, ndipo sakhala cizindikiro cakuti munthu watayidwa. Wodwazika ndiye angauze a cipatala ngati mankhwalawa akwanira mwezi wonse kapena athera pakati.

Zimene ena adzanena

Ena adzati anthu a kumudzi sanaphunzire za mankhwala, nanga adzalangiza bwanji madokotala? Palibe amene akunena kuti wodwazika asankhe mlingo wa mankhwala kapena awerenge cithunzi ca ekiselo. Imeneyo ndi nchito ya amene anaiphunzira. Koma pa funso lakuti kupima kucitike tsiku liti, kaya amai amamasuka kupimidwa m'cipinda cimene mau amamvekera panja, kaya kalata inamveka, katswiri ndi amene anadutsamo. Mankhwala abwino amene wodwala sawafikira sacira munthu.

Ena adzati matenda a ku ziwalo zobisika sakambidwa pagulu. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo munthu asakakamizidwe kuulula matenda ake. Dzina la wodwala lisaperekedwe kwa wina aliyense iye asanabvomere. Amene safuna kuonekera angalankhule kwa namwino, kwa mlangizi kapena kwa mtsogoleri wa amai a mpingo, ndipo mau ake afike ku komiti popanda dzina. Koma manyazi omwewo ndiwo anali kupha anthu pa Edzi, ndipo anacepa pamene ena analimba mtima naima poyera.

Ena adzati misonkhano yotere imangotha ndi madandaulo, ndipo anamwino, amene ndi ocepa kale, adzangonyozedwa. Zoonadi madandaulo adzamveka, ena owawa. Koma dandaulo limene lanenedwa pa msonkhano lingakonzedwe, pamene limene lanenedwa pa citsime limangoopseza amai ena kuti asapite kukapimitsa. Ndiponso anthu amene aona ndi maso ao kuti namwino mmodzi ali kugwira nchito ya anthu atatu ndiwo amakhala oyamba kupempha boma kuti litumize wina.

Ngozi yeniyeni ndi yakuti ocira angasandutsidwe cokometsera cabe. Ndi capafupi kuitana mai wocira pa tsiku la khansa la pa 4 Febuluwale, kumubveka sikipa, kumuombera m'manja, kenaka n'kumuiwala kufikira caka camawa. Kumeneko si kutengako mbali. Munthu watengako mbali ngati mau ake asintha cinthu, ngakhale cacing'ono, monga ola lotsegulira cipinda copimira. Ndipo popeza ambiri mwa iwo matenda anawasiya opanda kanthu, aziwabwezera ndalama ya mayendedwe akabwera ku msonkhano, monga amacitira ndi anchito a boma.

Mbali ya mafumu, masukulu ndi wailesi

Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019, ndipo mu 2023 panali kampeni ya atsikana a zaka 9 kufika 14. Katemerayu amateteza mtsikana asanakumane ndi kacirombo. Makolo ena amakana pomva mphekesera yakuti amaletsa kubereka, zimene si zoona. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, mai amene anataya mkulu wake ndi khansa angafotokoze bwino cimene katemerayu amapewetsa kuposa cithunzi ciliconse copacikidwa pa khoma.

Mafumu a m'boma lino, a Mlolo, a Mwangala ndi a Zingalume, pamodzi ndi nduna zao ndi anyakwawa, ali ndi mphamvu youza amuna kuti kuperekeza mkazi ku cipatala ndi ulemu, ndi kuti wodwala khansa sapatsira anthu pomugwira kapena kudya naye mbale imodzi. Mawailesi a ku Chipata, monga Breeze FM ndi Radio Maria, angapatse ocira ndi odwazika mpata wolankhula okha m'cilankhulo cao.

Mu 2020 bungwe la WHO linaika zolinga zitatu zoti zikwaniritsidwe pofika 2030: atsikana 90 pa 100 alionse alandire katemera, amai 70 pa 100 apimidwe, ndipo 90 pa 100 mwa opezeka ndi bvuto alandire cithandizo. Colinga cacitatuci sicingakwaniritsidwe mu ofesi. Cidzakwaniritsidwa kapena kulephereka pa mseu wa pakati pa mudzi ndi Chadiza, Chadiza ndi Chipata, Chipata ndi Lusaka. Amene anayenda pa mseu umenewu ndi odwala ali m'midzi, ndipo anansi ao amawadziwa. Komiti ya za umoyo iriyonse ikakhalanso pansi mwezi wamawa, wapampando atume mnyamata akaitane mmodzi wa iwo, amupatse mpando, namufunse mmene ulendo unayendera.